COYAMBA KUTHA NDICO CILAMULA

Munthu woyenda usiku pafupi ndi nyumba zosungunuliramo mkuwa ku Mufulira kapena ku Chingola aona kuwala kofiira, namva kulira kwa makina opopa mpweya. Ambiri aganiza kuti nchito ya m'menemo ndi ya moto ndi mphamvu basi. Koma ng'anjo isanalandire kanthu, pali munthu wina amene akhala pansi ndi kuwerengera. Iye ali ndi mafunso awiri. Loyamba ndi ili: mwa zinthu zonse zolowa m'ng'anjomo, nciti cidzayamba kutha? Laciwiri ndi ili: nanga mkuwa wotuluka udzakhala wocuruka bwanji? Akaphonya yankho, mkuwa wa ndalama zambiri utsalira m'zonyansa, ndipo thukuta la amuna amene anaswa miyalayo pansi pa mgodi lipita pacabe.

Kuwerengera kumeneku si kwa anthu a m'maofesi okha. Lamulo lomwelo lilamula utsi wotsala pambuyo pa kuphulitsa miyala, ndiponso lilamula mbaula yoyaka m'nyumba usiku wa cisanu. Pamenepo cotayika si ndalama ai, koma moyo wa munthu.

MAFUA NDI MIPHIKA

Pa mudzi pakakhala ukwati, akazi asonkhana mamawa kudzaphika. Mphika uli wonse ufuna mafua atatu kuti ukhazikike pa moto. Tsono pakapezeka miphika 12 ndi mafua 30, ndi miphika ingati ingakhale pa moto nthawi imodzi? Wopupuluma adzati mafua ndiwo ambiri, pakuti 30 aposa 12, cotero cocepa ndi miphika. Koma mai wozolowera nchitoyi agawa mafuawo atatu-atatu, napeza kuti akwanira miphika 10 yokha. Iwiri idzakhala pansi yozizira. Ngakhale wina abwereke miphika ina 20 ku mudzi wa tsidya, nsima yophikidwa siidzaonjezeka, cifukwa cosowa si mphika. Koma mwana akathamanga kukatola miyala 6, pomwepo miphika yonse 12 ikwera pa moto.

Pa bwalo la ukwatili pali maphunziro atatu. Loyamba, cinthu cimene ciyamba kutha ndico ciika malire a nchito yonse. Laciwiri, coyamba kuthaco sicidziwika pongoona cocepa ndi cocuruka. Munthu ayenera kudziwa poyamba kuti cimodzi cifuna zinzace zingati. Lacitatu, kuonjezera cinthu cimene ciripo kale cokwanira sikupindula kanthu. Akatswiri a mankhwala acha coyamba kuthaco ndi mau a Cingerezi akuti limiting reactant, ndiko kunena cinthu coika malire, ndipo cinzace cotsalaco acicha copitirira muyeso.

ZINTHU ZIGWIRANA MWA MUYESO

Makolo a m'dziko lino anali kusungunula mkuwa kale-kale migodi yatsopano isanakumbidwe. Ku Kansanshi kunali maenje ao akale, ndipo mu 1960 ku Ingombe Ilede, pafupi ndi Zambezi, kunapezeka mkuwa woumbidwa ngati mitanda umene anthu akale anali kucita nao malonda. Osula aja anali kusakaniza miyala yobiriwira ndi makala, napopa mpweya ndi mibvukuto. Anadziwa mwa cizolowezi kuti makala akacepa, mkuwa wina ukana kutuluka m'mwala. Cifukwa cace ceni-ceni cinadzafotokozedwa ndi anthu opima pa sikelo.

Mu 1789 Antoine Lavoisier wa ku Paris anasindikiza buku m'mene anaonetsa kuti zinthu zikasandulika, kulemera kwace sikutayika ndipo sikuonjezeka. Nkhuni ikapsya ioneka ngati yatha, koma phulusa ndi utsi wonse zitapimidwa pamodzi zingalingane ndi nkhuniyo pamodzi ndi mpweya umene inadya. Pa zaka zomwezo Mfalansa mnzace, Joseph Proust, anaonetsa kuti zinthu ziwiri zikagwirana kupanga cacitatu, zigwirana mwa muyeso umodzi-modzi masiku onse. Pambuyo pace, mu 1808, John Dalton, mphunzitsi wa ku Manchester, anafotokoza cifukwa cace. Iye anati zinthu zonse zipangidwa ndi tizidutswa tating'ono-ting'ono tochedwa maatomu, ndipo atomu ya mtundu uli wonse iri ndi kulemera kwace-kwace. Maatomu agwirana mowerengeka, imodzi ndi imodzi, imodzi ndi ziwiri, ziwiri ndi zitatu, monga mphika ndi mafua ace.

Kulemera kwa maatomu kuyerekezedwa ndi atomu yopepuka koposa zonse, ya haidrojeni, imene iwerengedwa 1. Polinganiza ndi iyo, kaboni, amene ndiye gawo lalikulu la makala, alemera 12, okisijeni, mpweya umene anthu apuma ndi umene uyatsa moto, alemera 16, sulfure 32, kalisiamu 40, citsulo 56, mkuwa 63 ndi theka.

Palibe munthu angawerenge maatomu imodzi-imodzi, pakuti saoneka ndi maso. Pa cifukwa ici akatswiri acita monga acitira amai a pa msika, amene sagulitsa tomato mmodzi-mmodzi koma pa mulu. Mulu wa tomato asanu ndi mulu wa impwa zisanu zilingana ciwerengero, koma zisiyana kulemera. Mulu wa akatswiri dzina lace ndi mole, ndipo ciwerengero ca tizidutswa ta m'menemo ndi nambala 6 yotsatidwa ndi manambala ena 23. Ubwino wace ndi wakuti mulu umodzi wa kaboni ulemera magalamu 12, wa sulfure magalamu 32, wa citsulo magalamu 56, molingana ndi manambala achulidwa aja. Pa nchito zazikulu za pa mgodi apima ndi makilogalamu m'malo mwa magalamu. Mulu ukula ka 1,000, koma kawerengedwe kace sikasintha. M'nkhani ino milu yonse ndi ya makilogalamu.

CITSANZO CA NJEREZA

Pafupi ndi Ndola pali mwala wa njereza, imene ambiri m'matauni aicha laimu. Mwalawu ukaochedwa pa moto wofika madigiri ngati 900, makilogalamu 100 ali onse a mwala wabwino atulutsa makilogalamu 56 a njereza yaukali, ndipo 44 otsalawo auluka ngati mpweya. Njereza yaukaliyo ikathiridwa madzi itentha kwambiri, nisanduka ufa woyera umene anthu apaka pa zipupa, umenenso migodi igwiritsa nchito pozimitsa ukali wa asidi. Mulu umodzi wa njereza yaukali, makilogalamu 56, ufuna mulu umodzi wa madzi, makilogalamu 18, ndipo zipanga mulu umodzi wa njereza yozizira, makilogalamu 74.

Tsono mmisiri wina ali ndi makilogalamu 112 a njereza yaukali ndi malita 27 a madzi, ndiwo makilogalamu 27. Njira yace yowerengera iri ndi makwerero asanu.

Coyamba, akumbukira muyeso wa kugwirana, umene pano uli mulu umodzi pa mulu umodzi.

Caciwiri, asandutsa makilogalamu akhale milu. Agawa 112 ndi 56 napeza milu 2 ya njereza. Agawa 27 ndi 18 napeza mulu umodzi ndi theka wa madzi.

Cacitatu, alinganiza. Milu 2 ya njereza ifuna milu 2 ya madzi, koma ulipo umodzi ndi theka. Cotero madzi ndiwo adzayamba kutha.

Cacinai, awerenga zotuluka potsata coyamba kuthaco, osati cinzace. Mulu umodzi ndi theka wa madzi upanga mulu umodzi ndi theka wa njereza yozizira, ndiwo makilogalamu 111. Njereza yaukali yodyedwa ndi makilogalamu 84, ndipo 28 atsala osasandulika.

Cacisanu, adziyesa yekha ndi lamulo la Lavoisier. Zolowa zinali 112 ndi 27, pamodzi 139. Zotuluka ndi 111 ndi 28, pamodzi 139. Manambalawo akapanda kulingana, pena pace palakwika.

Makilogalamu 28 otsalawo si nkhani yaing'ono. Nthongo za njereza yaukali zikalowa m'dothi lomatira cipupa, zidzamwa madzi a mvula pambuyo pace, nizitupa, ndi kuphulitsa pulasitala. Ndiponso zipsereza khungu ndi kuononga maso. Nco cifukwa cace mmisiri wanzeru athira madzi opitirira muyeso, podziwanso kuti ena auluka ngati nthunzi kaamba ka kutentha. Madzi ndi otsika mtengo, njereza ndi yokwera mtengo. Cotero iye acita dala kuti ca mtengo wace cikhale ndico coyamba kutha, cisatsaleko ngakhale pang'ono. Mafakitale ambiri a mankhwala atsata nzeru yomweyi.

M'NG'ANJO YA MKUWA

Mkuwa wambiri wa m'migodi ya dziko lino supezeka wokha. Uli wogwirana ndi sulfure, ndipo kawiri-kawiri ndi citsulo comwe. Nyumba zosungunuliramo zoyamba zinamangidwa ku Luanshya, kumene mgodi wa Roan Antelope unayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, ku Nkana mu 1932 ndi ku Mufulira mu 1937. Miyala ikaperedwa ndi kusankhidwa, isungunulidwa m'ng'anjo yoyamba, ndipo madzi amoto otulukawo athiridwa m'cimbiya cacikulu cogona cam'mbali cochedwa konveta. Mtundu wa konveta wofala koposa unayamba kugwira nchito mu 1909 ku Baltimore, m'dziko la America, ndipo unapangidwa ndi William Peirce ndi Elias Smith. M'menemo mpweya upopedwa kupyola m'madzi amotowo, amene atentha madigiri ngati 1,200. Nchito ya okisijeni wa mu mpweyawo ndi kulanda sulfure ndi citsulo kuti mkuwa utsale wokha.

Citsulo ndico ciyamba kucoka. Milu 2 ya citsulo cogwirana ndi sulfure ifuna milu 3 ya okisijeni. Mulu wa citsulo coteroco ulemera 88, ndiko kuti 56 ndi 32. Mulu wa okisijeni ulemera 32, cifukwa maatomu ace ayenda awiri-awiri. Apa ndi pamene nkhani ya mafua ibweranso. M'konveta mukakhala milu 4 ya citsulo ca sulfure, makilogalamu 352, ndipo mukalowa milu 5 ya okisijeni, makilogalamu 160, wopupuluma adzati okisijeni wakwanira popeza 5 aposa 4. Koma milu 4 ifuna milu 6, ndiwo makilogalamu 192. Okisijeni ndiye adzayamba kutha, ndipo citsulo cina cidzatsala. Citsulo copsyaco cigwirana ndi mcenga umene athiramo, niciyandama pamwamba ngati zonyansa zimene a pa nchito azicha silagi, ndipo zitsanulidwa.

Cotsala ndi mkuwa wa sulfure, m'mene maatomu awiri a mkuwa agwira atomu imodzi ya sulfure. Mulu wace ulemera 159. Ufuna mulu umodzi wa okisijeni, 32, ndipo utulutsa makilogalamu 127 a mkuwa ndi 64 a utsi wa sulfure. Zolowa ndi 191, zotuluka ndi 191.

Mwa citsanzo, m'konveta muli makilogalamu 1,590 a mkuwa wa sulfure, ndiyo milu 10. Ifuna milu 10 ya okisijeni, makilogalamu 320. Koma mpweya wa panja si okisijeni yekha-yekha. Pa makilogalamu 100 a mpweya, okisijeni ndi ngati 23 okha. Otsalawo, maka-maka naitrojeni, angopyola osagwira nchito. Cotero pafunika mpweya wa makilogalamu pafupi-fupi 1,400. Makina akaleka kupopa utalowa 1,110 wokha, okisijeni wolowa ndi makilogalamu pafupi-fupi 256, ndiyo milu 8. Mkuwa wotuluka udzakhala 8 kucurukitsa ndi 127, ndiwo makilogalamu 1,016, utsi 512, ndipo makilogalamu 318 a mkuwa wa sulfure adzatsala osasandulika, atabisa m'kati mwace makilogalamu 254 a mkuwa wabwino.

Wina angati, bwanji osangopopa mpweya wambiri-mbiri monga mmisiri athirira madzi m'njereza? Pano pali bvuto lina. Sulfure akatha, okisijeni wopitirira sakhala cabe. Atembenukira mkuwa umene, naupsereza, ndipo wopsererawo ulowa m'silagi. Cotero woyang'anira konveta ayenera kuleka pa nthawi yace, osafulumira ndi osacedwa. Akale anali kudziwa nthawiyo poyang'ana maonekedwe a lawi la pa kamwa pa konveta ndi potapa pang'ono ndi ndodo ya citsulo. Masiku ano makina opima awathandiza. Mkuwa wotulukawo uli ndi magawo 98 kapena 99 mwa 100, ndipo ukazizira ukhala ndi matuza pamwamba, pamene utsi wa sulfure unatulukira. Uyeretsedwanso ndi magetsi kufikira ukhala mkuwa weni-weni wa magawo 99.99 mwa 100.

ZA PA PEPALA NDI ZA M'MANJA

Mlimi akaona munda wace utabereka, awerengera matumba amene adzakolola. Koma pofika m'nkhokwe cimanga cicepa, pakuti cina adya anyani, cina ciswe, cina cigwera m'njira. Zotere zicitikanso m'ng'anjo. Ciwerengero copezeka pa pepala ndico malire a pamwamba, amene palibe luso lingawapyole. Copezeka m'manja cikhala cocepera.

Milu 10 ija, italandira mpweya wokwanira, pa pepala itulutsa makilogalamu 1,270 a mkuwa. Sikelo ikaonetsa 1,200, wowerengera agawa 1,200 ndi 1,270, nacurukitsa ndi 100, napeza pafupi-fupi 94 ndi theka. Ndiko kunena kuti pa magawo 100 amene akadatuluka, atuluka 94 ndi theka. Nambala imeneyi ndiyo ionetsa ngati nchito yayenda bwino. Makilogalamu 70 osowawo sanathe, popeza kulemera sikutayika. Ena ali m'silagi ngati timadontho tating'ono, ena anauluka ndi pfumbi m'cumuni, ena anamatirira pa njerwa za ng'anjo ndi pa zotapira. Nco cifukwa cace silagi ya m'konveta ndi pfumbi la m'cumuni sizitayidwa msanga, koma zibwezedwanso m'ng'anjo. Ndipo wina akapeza magawo oposa 100, asakondwere; mwina sikelo yanama, mwina cimene wapima ciri ndi madzi kapena zonyansa.

Cina cofunika kukumbuka ndi cakuti mwala wocokera pansi si mkuwa wonse. Mwala wonyezimira ngati golide, wochedwa chalcopyrite, uli ndi atomu imodzi ya mkuwa, imodzi ya citsulo ndi awiri a sulfure. Mulu wace ulemera 183 ndi theka, ndipo mkuwa wa m'menemo ndi magawo osakwana 35 mwa 100. Komanso mwalawo upezeka timanyenyeswa m'kati mwa thanthwe wamba. Ngati tani imodzi ya miyala, ndiyo makilogalamu 1,000, iri ndi mkuwa magawo 2 mwa 100, ndiye kuti muli makilogalamu 20 basi. Nyumba yosankhira ikapulumutsa magawo 90 mwa 100, atsala 18. Nyumba yosungunulira ikapulumutsa magawo 95 mwa 100 a amenewo, atsala 17 ndi kanthu kakang'ono. Kutaya kwa pa khwerero liri lonse kuonjezana ndi kwa linzace, ndipo pa matani zikwi-zikwi gawo limodzi lokha mwa 100 ndi cuma cambiri.

UTSI USANDUKA ASIDI

Kuwerengera komweku kuonetsa kucuruka kwa utsi. Pa makilogalamu 127 ali onse a mkuwa, pa khwerero lotsiriza lokha, patuluka makilogalamu 64 a utsi wa sulfure. Anthu okhala pafupi ndi ng'anjo audziwa ndi dzina lakuti senta, utsi wotsamwitsa, wofotetsa ndiwo za m'dimba ndi wodya malata a denga. Ukagwidwa usanauluke, makilogalamu 64 a utsiwo angapange makilogalamu 98 a asidi wa sulfure. Asidiyo asungunula mkuwa wa m'miyala yobiriwira ndi wa m'zotsalira zakale. Ku Nchanga nyumba yocita nchito imeneyi pa zotsalira inatsegulidwa mu 1974, ndipo ng'anjo ya ku Kansanshi, imene inayamba nchito mu 2015, inamangidwa pamodzi ndi nyumba yopangira asidi.

Apanso coyamba kutha cifunika kudziwika. Mwala ukakhala ndi njereza m'kati, makilogalamu 100 ali onse a njerezayo adya makilogalamu 98 a asidi popanda kutulutsa mkuwa ngakhale pang'ono. Wowerengera mkuwa wokha, naiwala mlendo wakudya naye m'mbale, adzaona asidi atatha mkuwa ukali m'mwala.

PANSI PA MGODI

Mankhwala ophulitsira miyala ali ndi mbali ziwiri: cina copereka okisijeni ndi cina coyaka. Mtundu wina, umene unayamba kufala m'migodi ya dziko lapansi ca m'ma 1950, ndi mcere wa naitrojeni wosakaniza ndi mafuta pang'ono. Opanga ace ayesetsa kuti ziwirizo zithere pamodzi, pasakhale cotsala. Mafuta akapitirira, okisijeni ayamba kutha, ndipo m'malo mwa mpweya wamba wa moto patuluka mpweya wakupha wochedwa kaboni monokisaidi. Mafuta akacepa, kapena mankhwalawo akanyowa m'dzenje, okisijeni wotsala agwirana ndi naitrojeni, napanga utsi wofiirira umene uononga mapapo. Kuipa kwa utsi wofiirirawu ndi kwakuti munthu angaupume, natsokomola pang'ono, napita ku nyumba akuyesa kuti ali bwino, koma patapita maora angapo mapapo ace adzaza madzi.

Ngakhale muyeso ukhale wabwino cotani, kuphulika kweni-kweni sikulingana ndi kwa pa pepala, ndipo utsi woipa ukhalapo ndithu. Lamulo lakuti anthu asabwerere ku malo ophulitsidwa nthawi yoikika isanakwane, ndi lakuti malowo ayambe apita mphepo ndi kuthiridwa madzi, lacokera pamenepa. Wopuma utsi wotere ayenera kuuza kapitao ndi kuonana ndi a cipatala tsiku lomwelo, ngakhale sakumva kupweteka.

MBAULA M'NYUMBA

Citsanzo cotsiriza ciri m'nyumba za m'makomboni m'miyezi ya June ndi July. Makala, amene ambiri awacha malasha, akayaka pa mpweya wokwanira, atomu imodzi ya kaboni igwira maatomu awiri a okisijeni. Makilogalamu 12 a kaboni adya 32 a okisijeni. Okisijeni akacepa, moto suzima msanga monga munthu angayembekezere. Kaboni akhuta ndi atomu imodzi yokha, 12 pa 16, ndipo cotuluka ndi kaboni monokisaidi uja.

Cipinda ca mamita 3 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2 ndi theka msinkhu ciri ndi okisijeni wa makilogalamu pakati pa 5 ndi 6. Makilogalamu 2 okha a kaboni afuna oposa 5. Cotero citseko ndi mazenera zikatsekedwa, mbaula imodzi ilimbirana mpweya ndi banja lonse logona momwemo, ndipo coyamba kucepa ndi okisijeni. Tsoka silidikira kuti athe. Ngakhale pa bwalo, makala a pakati pa mbaula safikidwa bwino ndi mpweya, ndipo atulutsa mpweya woipawo masiku onse; panja mphepo iumwaza, koma m'cipinda cotseka uunjikana.

Mpweyawu ulibe pfungo, ulibe maonekedwe, sutsamwitsa. Ukalowa m'magazi ukakamira pa malo a okisijeni mwamphamvu koposa okisijeniyo ka 200 ndi kupitirira. Zizindikiro zace ndi mutu, cizungulire, mseru ndi kufooka kwa miyendo, ndipo wogona tulo sazimva konse. Ambiri akhulupirira kuti makala akafiira ndi kuleka kufuka ndiye kuti aleka kuopsya. Cikhulupiriro cimeneci capha anthu, pakuti utsi wooneka suli mdani weni-weni. Makala ofiira bwino apitirira kutulutsa mpweya wakuphawo kufikira atazima. Mbaula iyenera kutulutsidwa panja anthu asanagone. Anthu a m'nyumba imodzi akadwala mutu onse pamodzi pali mbaula, atuluke msanga. Wopezeka atakomoka anyamulidwe kunka naye pa bwalo, zitseko zitsegulidwe, ndipo apite naye ku cipatala mosacedwa, kumene angampatse okisijeni.

Akulu anati safunsa anadya phula. Mai wogawa mafua, mmisiri wa njereza, woyang'anira konveta, wophulitsa miyala ndi mwini nyumba wolowetsa mbaula, onsewa ali ndi funso limodzi loyenera kufunsidwa nchito isanayambe: pa zinthu ziri panozi, nciti cidzayamba kutha, ndipo cikatha cidzatsala nciani?